Nambala ya Pagalasi la a Lumo

Amuna anga anayendetsa basi ya mumzinda zaka makumi atatu osagunda ngakhale nkhuku. Anzawo ankawatchula kuti a Buleki, chifukwa ankayamba kuponda buleki siteji ikadali kutali, ndipo dzinalo linawamatirira mpaka kunyumba. Atapuma pantchito, ngozi imene inawalephera pamsewu inawapeza kubafa. Anaponda kachidutswa ka sopo n'kuthyoka mwendo. Kuchipatala anawaika chikhakha kuyambira pabondo mpaka kuphazi, n'kuwauza kuti akakhale pansi.

Munthu wozolowera chiwongolero kumuuza kuti akhale pansi n'kumuputa dala. Masiku oyambirira anandivutitsa ngati khanda. Pilo watalika, pilo wafupika, zenera tsegula, zenera tseka. Chimene chinandipulumutsa ndi gemu ya pafoni, ija yofoletsa timiyala tamitundumitundu kuti tiphulike. Anawaphunzitsa ndi achimwene anga, ometa tsitsi, amene mumsewu wathu wonse amadziwika kuti a Lumo. Anthu awiriwa, chikwatiranireni ife, akhala akupikisana pa chilichonse: wodziwa mpira ndani, woimba bwino ndani, amene dazi linayambira kumugwira ndani. Gemuyo anali atayamba kalekale, koma achimwene ndiwo ankatsogola chifukwa ankasewera podikira makasitomala. Tsopano chikhakha chinapatsa a Buleki tsiku lathunthu. Anawapeza alamu awo, n'kuwadutsa, n'kuwasiya kutali moti achimwene anayamba kufalitsa mbiri yoti mwendowo anauthyola mwadala.

Tsiku lina masana ndikusita zovala, ndinamva akundiitana ndi mawu a munthu amene waberedwa. Mapointi awo anali ataima. Timiyala tinkaphulika bwinobwino, kanyimbo kankalira, koma nambala ya pamwamba sinkasuntha. Inangoti zii pa 2,147,483,647.

Anandituma kwa okonza mafoni pakona. Bambo wokonzayo anaitsegula, anaipemerera, anaizimitsa n'kuiyatsanso, kenako anandibwezera n'kunena kuti foniyo ili bwino kuposa yake. Nditabwerera ndinapeza achimwene afika kale kudzapepesa maliro, mano onse ali pamtunda. Iwo ankati kampani ya gemu yazindikira chinyengo.

Loweruka kunabwera mwana wathu woyamba. Kunyumba timamutchula kuti Namafunso, chifukwa ali wamng'ono sankalola munthu kumeza chakudya asanamuyankhe chifukwa chake mwezi umatitsatira. Pano amaphunzitsa masamu kuyunivesite. Bambo ake anamupatsa foni ija ngati akupereka wodwala kwa dokotala. Iye atangoyang'ana nambalayo anaseka mpaka anakhala pamkono wa mpando.

"Adadi, foni sinawonongeke. Mwafika pamapeto a msewu. Komanso mwaima pa nambala imene ndimaikonda kwambiri."

Anatifotokozera kuti gemuyo imasunga mapointi pogwiritsa ntchito timaswichi makumi atatu ndi kamodzi, kalikonse koyaka kapena kozima, ndipo tonse tikayaka, nambala imene imatuluka ndi imeneyo, palibenso malo owonjezera. Anati mukalemba 2 kokwana ka 31, n'kuwachulukitsa onsewo, kenako n'kuchotsapo 1, mupeza nambala yomweyo. Koma chimene chinkamusangalatsa n'chakuti nambalayo ndi yosagawika. Anatenga malalanje m'mbale n'kutionetsa kuti asanu ndi limodzi mukhoza kugawira anthu awiri kapena atatu mofanana, koma asanu ndi awiri ayi, pokhapokha munthu mmodzi atenge onse kapena anthu asanu ndi awiri atenge limodzilimodzi. Nambala ya bambo ake nayonso, ngakhale ndi yaikulu choncho, ilibe nambala ina iliyonse yoigawa popanda chotsala.

A Buleki anamvetsera mwaulemu, kenako anakana. Anati 7 akhoza kuvomera chifukwa ndi kamwana, koma chinthu choposa mabiliyoni awiri sichingakhale chopanda polowera. Pa ntchito yawo anaona mabawuti ambiri amene amakaniko ankati sangamasuke, koma ankamasuka ndithu akapezeka munthu wa sipanala yoyenera. Achimwene, amene anali atabwera kudzaona mdzukulu wawo Namafunso, anagwedeza mutu kuvomereza. Ndinayang'ana kawiri, chifukwa aka kanali koyamba kuwaona awiriwa ali mbali imodzi.

Namafunso sanalimbane nawo. Anangoti ayese okha, ndipo anawapeputsira ntchito. Anati safunika kuyesa manambala onse, koma kulekezera pa 46,340, chifukwa nambala ikamagawika imakhala ndi zoigawa ziwiri, ndipo chimodzi mwa ziwirizo sichingapose pamenepo. Anatinso ikakana 3 asavutike ndi 6 kapena 9, ayese manambala osagawika okhaokha, amene sakwana n'komwe zikwi zisanu. Anawatumizira manambalawo pafoni ya amalume ake, anamwa tiyi, n'kumapita.

Lolemba m'mawa amuna anga anavala malaya a kolala, anatenga ndodo zawo, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze kubabashopu. Ndi pafupi, kungodutsa sitolo ya mapaipi ndi malo ochapira magalimoto, koma tinayenda ngati ukwati. Babashopu ya achimwene ndi kachipinda kamodzi: mipando iwiri yozungulira, benchi la odikira, sinki yothimbirira, ndi galasi lalikulu lodzaza khoma lonse. Pamwamba pa galasilo achimwene analemba nambala ija ndi cholembera chofufutika, manambala akuluakulu ngati a pabasi. M'kabati anatulutsa kakyuleta yakale ya mabatani onenepa, anaipukuta tsitsi ndi burashi, n'kuiika pamiyendo pa alamu awo.

Ntchitoyo inkayenda pang'onopang'ono chifukwa sankakhulupirirana. A Buleki akagawa, achimwene ankaimitsa makina ometera, kasitomala ali ndi mutu watheka, kuti abwerezenso okha. Akagwirizana kuti nambala yakana, ankalemba yogawirayo pagalasi n'kuidula ndi mzere. Inakana 2, inakana 3, inakana 5 ndi 7. Nthawi zonse kakyuleta inkaonetsa timanambala tiwiri kuseri kwa kadontho, kusonyeza kuti pali chotsala.

Ine ndinkangobwera masana kudzasiya chakudya, koma tsiku lililonse ndinkapeza anthu achuluka. Ena ankabwera tsitsi lisanakule. Wogulitsa mapaipi ankati nambala yake yamwayi ndi 47 ndipo analumbira kuti imeneyo ndiyo ithyole msana wa chinthucho. Itakana, anatuluka osatsanzika. Mlonda wa kumalo ochapira magalimoto anafunsa ngati wopeza yankho adzapatsidwe mendulo. Panali ndi mkulu wina wopuma ntchito ya kupositi amene ankangokhala pabenchi n'kumati ana asukulu a masiku ano amanena zinthu zimene sanaziyese. Nambala ija anayamba kuitchula kuti Nkhutukumve. Munthu akamadutsa pakhomo ankasuzumira n'kufunsa ngati Nkhutukumve wagonja.

Atafika pa 151 kakyuleta inaonetsa 14,221,746.01. Achimwene anati chilombo chayamba kutopa, taonani chatsala ndi kampweya kamodzi. Tsiku limenelo amuna anga anabwera kunyumba akuimba, ndipo sanadandaule za pilo.

Lachisanu ndinafika ndi chakudya n'kupeza m'babashopu muli chete. Makina ometera anali atazimitsidwa. Kasitomala wina anali ataimirira ndi nsalu m'khosi, thovu lili kutsaya limodzi. Onse anazungulira amuna anga, amene anagwira kakyuleta ndi manja awiri ngati dzira. Anali atagawa ndi 331, ndipo yankho linali 6,487,866.00. Anabwereza achimwene, anabwereza wa mapaipi, ngakhale ine anandipatsa kuti ndidine ndekha. Kuseri kwa kadontho kunali maziro awiri basi.

Kenako phokoso linabuka. Achimwene anazunguliza 331 pagalasi katatu, n'kulengeza kuti aliyense amene ali m'chipindamo ametedwa ulere. Ankanena zoitana atolankhani, ndipo anayamba kale kukambirana ndi mkulu wa kupositi ngati dzina lawo liyenera kukhala patsogolo, popeza kakyuleta ndi yawo.

Amuna anga okha ndiwo sankaseka. Pobwerera kunyumba anaima pa sitolo ya mapaipi ngati akupumitsa mwendo, n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti Namafunso wakhala akuuza ophunzira ake chaka ndi chaka kuti nambala imeneyi sigawika. Nanga akuluakulu a kuyunivesite akamva kuti dalaivala ndi wometa apeza zimene iye sanazione, amuyang'ana bwanji? Anati iwo ankangofuna kupambana mkangano wa pabalaza, osati kuchotsetsa mwana ntchito.

"Amve kwa ine asanamve kwa anthu," anatero. "Akafuna, akanene kuti wapeza yekha. Ine dzina langa lisatchulidwe."

Anawaimbira alamu awo n'kuwaletsa za atolankhani. Achimwene anang'ung'udza koma anavomera, bola nawonso apite nawo kukamuuza kuyunivesite.

Lolemba lotsatira tinakwera basi atatu. Amuna anga anavala suti imene anaisiya tsiku lotsanzikana ndi anzawo kuntchito, mwendo umodzi wa buluku nditausomola kuti chikhakha chilowe. Achimwene anavala tayi yofiira ndipo kakyuleta anaikulunga m'thawulo loyera. Palibe mwa ife amene anali atalowapo m'nyumba imene mwanayo amagwiramo ntchito. Tinkangodziwa geti, kuchokera tsiku limene anamaliza maphunziro. Mayi wina wokolopa anatilozera kumapeto kwa khonde lalitali lonunkhira polishi, n'kunena kuti Adokotala ali m'kalasi. A Buleki anatembenuka kundiyang'ana atamva mwana wawo akutchulidwa choncho ndi munthu wosamudziwa.

Chitseko cha kalasi chinali chotsegula pang'ono. Tinaima panja kuti tidikire. Chipindacho chinali ndi mipando yokwera ngati masitepe, yodzaza anyamata ndi atsikana, ena a ndevu zawo. Kutsogolo kunali Namafunso, choko chili m'manja ndi pasiketi pomwe, akuyenda uku ndi uku. Akafunsa funso ankadikira, osathamangira kuyankha yekha, mpaka wina akweze dzanja. Ine ndinkangoona kamtsikana kaja kokana kuvala nsapato, koma anthu onsewo ankalemba zimene kankanena.

Ndodo ya amuna anga inaterereka n'kumenya chitseko. Mitu yonse inatembenuka. Namafunso anathamangira kukhomo nkhope itasintha, poganiza kuti kunyumba kwagwa zovuta. Bambo ake anamutsimikizira kuti tonse tili bwino, kenako anatsitsa mawu n'kuyamba kuzungulira, kuti pali kankhani kakang'ono, kosafulumira, koti akambirane kuofesi. Koma achimwene anga chinsinsi chimawawotcha m'kamwa.

"Taigawa, mdzukulu. Ndi 331," anatero, mawu awo ofika mpaka mpando womaliza.

Namafunso anayang'ana thawulo lija, anayang'ana bambo ake amene anali atazolika, ndipo ndinaona kuti wamvetsa zonse, ngakhale chifukwa chimene anavalira suti. Anawagwira dzanja.

"Adadi, mundilole tiyese limodzi ndi anzangawa. Ngati mwaigawadi, ine ndikhala woyamba kuvina."

Anatilowetsa n'kutikhazika pamzere wakutsogolo. Anauza kalasi kuti awa ndi makolo ake ndi amalume ake, ndipo abwera ndi umboni wotsutsa zimene iye amaphunzitsa. Anapempha achimwene kuti aonetse. Iwo anavundukula kakyuleta ngati akutsegulira mwala wa maziko, anadina, n'kuizungulitsa m'mwamba kuti aliyense aone maziro awiri aja. M'kalasimo munayamba manong'onong'o. Ndinaona mnyamata wina akutulutsa foni, koma Namafunso anati mafoni onse abwerere m'matumba. Anati ngati kugawako kuli koona, ndiye kuti 6,487,866 kuchulukitsa ndi 331 kuyenera kutibwezera nambala yathu ndendende. Anaitana mtsikana wina wa magalasi kuti achulukitse pabolodi ndi choko, monga tinkachitira kupulayimale.

Mtsikanayo analemba mizere itatu, kalasi yonse ikumuthandiza kusunga manambala. Amuna anga ankatsatira ndi milomo. Atawonkhetsa, pansi panatuluka 2,147,483,646.

Panapita kanthawi anthu akuyerekeza manambala awiriwo, limodzilimodzi kuyambira kumanzere. Onse ankafanana mpaka lomaliza. Yathu inkathera 7, ya pabolodi inkathera 6.

"Yaperewera imodzi," anatero a Buleki.

Namafunso anatenga kakyuleta n'kutionetsa kaswichi kakang'ono pamwamba pa mabatani, kamene kanali pa 2. Anati kameneko kamauza makinawo kuti azionetsa timanambala tiwiri tokha kuseri kwa kadontho mongoyerekeza, zina zonse azibisa. Anakakankhira kumbali, anagawanso, ndipo panatuluka 6,487,866.003 ndi mchira wautali kumbuyo. Chotsalacho chinalipo nthawi yonseyi, chinangobisala kuseri kwa chitseko.

Ndinkaopa kuti amuna anga achita manyazi pamaso pa ana. Koma anapuma mpweya wautali, mapewa n'kutsika, kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka ndodo inagwa, akupukuta misozi ndi mpango wa m'thumba la suti. Achimwene ndiwo anakhumudwa. Anati kaswichiko sanakagwirepo chigulireni, ndiye wina wake anakasuntha, ndipo ankayang'ana alamu awo ponena zimenezi.

Namafunso anati asafulumire kutaya 331, chifukwa sanaipeze pachabe. Anafufuta mbali ina ya bolodi n'kulemba 2, 3, 3, 7, 11, 31, 151 ndi 331. Anati manambala amenewa mukawachulukitsa onse mumapeza nambala ija yothera 6, imene ndi mnansi wa nambala yathu. Mnansiyo amagawika mbali zonse, koma mukangowonjezera imodzi, aliyense mwa manambalawo akabwera kudzagawa amabwerera ndi chotsala chimodzi. Achimwene atamva 151 anadzuka pampando n'kuuza kalasi kuti imeneyo anaikayikira kale Lachitatu. Namafunso anavomera kuti anaona bwino. Kenako anauza ophunzira kuti nzeru yomweyi, yochulukitsa n'kuwonjezera imodzi, ndi imene anthu akalekale anagwiritsa ntchito posonyeza kuti manambala osagawika alibe malire: ngakhale mutasonkhanitsa ochuluka bwanji, njira imeneyi imakulozerani wina amene munalibe. Anati phunziro limenelo linali la mwezi wamawa, koma poti alendo alibweretsa okha, palibe chifukwa chodikira. Ophunzira anawomba m'manja, ndipo achimwene anawerama ngati woimba.

Kalasi itatha tinapita kuofesi yake, kachipinda kodzaza mabuku mpaka pawindo, kokhala ndi ketulo pamwamba pa kabati. Makapu analipo awiri okha, ndiye ine ndi achimwene tinamwera m'mabotolo a jamu otsuka. Bambo ake anakhala pampando wake wozungulira, mwendo uli pa bokosi la mapepala a mayeso, n'kumufunsa chimene iye amafufuza kwenikweni akakhala kuti sakuphunzitsa. Funso limeneli anali asanamufunsepo.

Namafunso anati amafufuza za amapasa. Pali manambala osagawika amene amabwera awiriawiri, olekana ndi 2 basi, ngati 11 ndi 13, kapena 17 ndi 19. Mukamapita kutali amasowa, koma amapezekabe. Chimene palibe munthu akudziwa mpaka lero n'chakuti kodi amapasawo amatha penapake kapena amangopitirira. Iye ndi anzake a m'mayiko ena amagwira kachigawo kakang'ono ka funso limenelo.

Bambo ake anafunsa kuti ayembekezere yankho liti.

"Mwina ndidzapuma ntchito lisanapezeke, adadi. Mwina adzalipeza mmodzi mwa ana mwawaona aja."

"Ndiye sizikukuwawa?"

"Inu sabata yathayi zimakuwawani?"

A Buleki anaganiza kaye, kenako anavomera kuti chithyokereni mwendo sanagonepo tulo tabwino ngati sabata imeneyo. Asanatuluke anafunsa ngati pali lamulo loletsa munthu wamkulu kukhala kumbuyo kwa kalasi. Namafunso anati akafunsa kwa akuluakulu ake, koma sakuona vuto bola asamabwere ndi amalume tsiku lililonse.

Kubabashopu nkhani ya imodzi yoperewera anailandira mosiyanasiyana. Mkulu wa kupositi anati iye ankadziwa kale. Wa mapaipi anati ayesenso 47 tsopano poti kaswichi kakonzedwa. Anapitiriza kugawa kwa kanthawi, mpaka galasi linadzaza moti makasitomala ankadziona nkhope kudzera m'mipata ya manambala, ndipo mmodzi anadandaula kuti anametedwa mokhota. Achimwene anafufuta zonse n'kusiya nambala yaikulu ija pamwamba. Anali asanafike ngakhale pa 2,000. Ophunzira ena a Namafunso anayamba kubwera kudzameta komweko, ndipo achimwene amawalandira ngati anzawo a ntchito imodzi.

Chikhakha chitachoka, amuna anga anayamba kupita kukalasi Lolemba lililonse. Amanyamuka msanga kuti akapeze mpando wa pafupi ndi khomo, ndipo amabwera ndi mafunso amene ine sindingawathandize. Kumapeto kwa teremu anaumirira kuti alembe nawo mayeso. Namafunso anawachenjeza kuti akachonga ngati mmene amachongera aliyense, iwo n'kuti n'zimene akufuna. Anapeza 23 pa 100.

Pepalalo anapita nalo okha kubabashopu. Ine ndinawatsatira chifukwa ndinkadziwa kuti kukakhala nkhani. Achimwene analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, anawerenga ndemanga zofiira za mdzukulu wawo mokweza, n'kunena kuti iwo akanalemba sakanalephera kufika 24.

"Mwina mukanafikadi, alamu," anatero a Buleki akukhala pampando wometera. "Koma 24 aliyense amangoigawa. Chepetsani m'mbalimu, pamwamba musakhudze."